Kabelu Kamene Zatheka Anakatseka Pakamwa

Kuseri kwa sitolo yogulitsa mawaya ndi mababu kunali kachipinda kamene anthu awiri ankagwiriramo ntchito. Munali tebulo lalitali, makompyuta awiri, chitsulo chowotcherera mawaya, ndi fani yokalamba yomwe inkangopemerera mbali imodzi ngati munthu wouma khosi. Ntchito yawo inali yopanga timabokosi tamagetsi toyendetsa zinthu patokha: kena koyatsa pampu madzi akatha m'thanki, kena kotsegula geti galimoto ikafika. M'kabokosi kalikonse ankaikamo pulogalamu yolemba okha.

Mmodzi wa iwo aliyense ankamutchula kuti Zatheka, chifukwa kasitomala asanamalize kufotokoza vuto lake, iye amakhala atayankha kale kuti, "Zatheka zimenezo." Ndipo tisamunamizire, zambiri zinkathekadi. Mutu anali nawo, manja anali nawo opepuka. Chimene Mulungu anamupatsa mopereweza ndi khutu. Winayo anali mayi wamkulupo pang'ono, wosafulumira kuyankhula, amene dzina lake lenileni linakwiririka pansi pa dzina loti Nanga. Ukamuonetsa ntchito imene ukuinyadira, ankaiyang'ana nthawi yaitali, kenako n'kufunsa kuti, "Nanga magetsi akathima pakati? Nanga wina akalowetsa waya mozondoka?" Mafunso akewo ankamutopetsa Zatheka, koma anagwirizana lamulo limodzi kuyambira tsiku limene anatsegula kachipindako: pulogalamu isatuluke pakhomo mnzako asanaiwerenge. Lamulolo ankalitcha maso anayi.

Zatheka anali ndi achemwali ake amene anamulera amayi awo atamwalira. Achemwaliwo anasoka zovala pafakitale zaka zambiri mpaka maso anayamba kukana kuona bowo la singano. Atasiya ntchitoyo sanafune kukhala pakhonde n'kumadikira amuna awo, omwe anali dalaivala wa lole. Anamangitsa khola la njerwa lofolera ndi malata kuseri kwa nyumba, n'kuitanitsa anapiye mazana atatu a tsiku limodzi. Zonse zimene anali nazo zinalowa m'kholamo. Vuto linali loti inali nyengo yozizira, ndipo mwanapiye wopanda nthenga sachedwa kufa ndi mphepo.

"Ndi maso angawa sindingathe kumawerenga kachitsulo koyezera kutentha nthawi ndi nthawi," anatero achemwali. "Kodi palibe nzeru ina?"

"Zatheka zimenezo, achemwali," anayankha mlongo wawoyo.

Kabokosi kamene anapanga kanali kosavuta kumvetsa. Kanali ndi kawaya kokhala ndi kamutu koyezera kutentha, kagalasi koonetsa manambala, ndi kotembenuzira koikira muyezo umene anapiye akufuna. Ntchito ya pulogalamu inali samu imodzi ya kuchotsera: itenge muyezo, ichotsere kutentha kwa m'khola. Yankho likakhala 5, ndiye kuti kwaperewera madigiri asanu, choncho mbaula yamagetsi iyake mphindi zisanu, kenako kabokosi kayezenso. Yankho likakhala 1, iyake mphindi imodzi. Samu ya mwana wa pulayimale.

Nanga anakokera mpando pafupi n'kuyamba kuwerenga. Chala chake chinatsika mzere ndi mzere, n'kuima pa samuyo.

"A Zatheka, nanga m'khola mukatentha kuposa muyezo?"

"Yankho litsika pansi pa ziro, mbaula siyaka. Nkhani yatha."

"Nambala imene mwasankha kusungiramo yankholi ilibe malo pansi pa ziro. Imayambira pa ziro, imathera pa 65,535. Mukaikankhira pansi, sikana ayi, ndipo sikuuzani kanthu. Imangotulukira kumapeto enawo. Mita yowerengera mtunda pagalimoto itaima pa maziro okhaokha, inu n'kuibweza m'mbuyo kamodzi, ionetsa chiyani?"

"Manaini okhaokha. Ndikudziwa, a Nanga. Kusefukira kumeneko tinaphunzira tonse."

"Ndiye tiikepo mlonda."

Mlondayo anali mizere yowerengeka chabe. Asanachotsere, ankayamba wayang'ana ngati chochotseracho chili chachikulu kuposa muyezo. Zikakhala bwino, ankapereka yankho. Zikakhala kuti nambala isefukira, sankapereka yankho labodza: ankazimitsa mbaula, n'kuliza kabelu, n'kulemba pakagalasi kuti CHOLAKWIKA. Zatheka anavomera mong'ung'udza, akunena kuti Nanga akanakhala mmisiri womanga nyumba bwenzi akuika chitseko ngakhale pachumuni.

Tsiku lokaika kabokosiko kunabwera anthu. Amayi awiri oyandikana nawo anaima pakhomo la khola, manja ali m'chiuno, kudzaona nzeru za mlongo wa mnzawo. Anapiye anali atafika m'mawa womwewo, achikasu, akulira tswi tswi pautuchi. Zatheka anaika muyezo pa 33, mbaula inayaka, ndipo iye anayamba kufotokoza mokweza mawu pang'ono kuposa mmene zinafunikira.

Alamu ake, dalaivala wa lole uja, anali munthu wa nthabwala, wosatha kuona chinthu chatsopano osachigwira. "Alamu, kameneka kamayeza anapiye okha, kapena ndi anthu omwe?" anafunsa, ndipo asanayankhidwe anatenga kamutu koyezera kaja n'kukapanira m'khwapa.

Thupi la munthu ndi lotentha kuposa 33. Mbaula itamaliza mphindi zake, kabokosi kanayezanso, mlonda uja anaona kuti samu isefukira, ndipo kabelu kanalira mokuwa. Anapiye onse anathamangira pangodya n'kuunjikana. Pakagalasi panalembedwa mawu aja ndi zilembo zazikulu.

"Cholakwika," anawerenga mmodzi wa amayi aja mokweza. "Kakuvomera kokha kuti kalakwa."

Anthu anafa nalo phwete. Alamu anagwira khoma, misozi ili mbwe. "Alamu, mwatipangira makina kapena mwatibweretsera mbuzi yanjala?"

Achemwali okha sanaseke. "Iwe, kodi kameneka sikandiphera anapiye ndi mantha?" anafunsa chapansipansi.

Zatheka anachita manyazi, ndipo manyaziwo anasanduka mkwiyo, osati pa alamu ake, koma pa Nanga ndi mafunso ake. Anthu atabalalika, anavundikira ndowa, n'kuikapo laputopu yake. Akanatha kungotsitsa mawu a kabelu. Akanatha kusintha mawu a pakagalasi kuti azinena kuti m'khola mwatentha. Koma munthu wa manyazi sasankha, amangosesa zonse. Anafufuta mlonda yense n'kubwezerapo samu yake yakale ija yopanda chotchinga.

"Khwapa la alamu si nyengo," anadziuza. "Kuzizira kumeneku ngakhale galu akugona paphulusa. Khola litenthe kuposa muyezo, litenthedwa ndi chiyani?"

Analowetsa pulogalamu yatsopanoyo m'kabokosi pompo, popanda maso anayi. Anaphunzitsa achemwali ake kuti anapiye akamamera nthenga azitsitsa muyezo pang'onopang'ono sabata iliyonse, monga amachitira alimi onse a nkhuku. Atabwerera kuntchito, Nanga anamufunsa kuti zayenda bwanji. "Bwinobwino," anatero, maso ali pa chitsulo chowotcherera.

Ndipo zinayendadi bwinobwino, apa m'pamene pamapwetekera. Mbaula inali yofooka, mphepo inkalowa m'mphepete mwa malata, choncho kutentha kwa m'khola kunkakhala pansi pa muyezo nthawi zonse. Samu inkatuluka yoona. Anapiye anakula, mapiko anayamba kuyera. Achemwali ankatsitsa muyezo mokhulupirika monga anawaphunzitsira, ndipo ankauza aliyense wobwera kudzatunga madzi kuti mlongo wawo ali ndi mutu. Zatheka ankamva zimenezi n'kumayenda ngati msewu ndi wake.

Kenako nyengo inatembenuka mosauza munthu. M'mawa kunazizira monga mwa masiku onse, koma mphepo inaleka, mitambo inachoka, ndipo pofika chakumasana dzuwa linali likuswa mtengo. M'kachipinda kaja fani inkangozunguza mpweya wotentha. Nanga anavula juzi, n'kupukuta thukuta pamphumi.

"Lero kabelu kathu kakugwira ntchito kwa achemwali anu," anatero akumwetulira. "Muwaimbire kuti asadabwe, angotsegula mawindo."

Chitsulo chowotcherera chinaima m'mwamba m'dzanja la Zatheka, utsi wake ukukwera.

Nanga anamuyang'ana nthawi yaitali. "A Zatheka, kabelu kalipo?"

"Kanawaopseza anapiye. Anthu anaseka."

"Mlonda alipo?"

Zatheka anapukusa mutu.

Nanga sanakalipe. Anatenga kabokosi koyesera kamene kanali patebulo, n'kumuuza kuti alowetsemo pulogalamu imene anasiya kukhola. "Muyezo uli pati sabata ino?"

"Pa 28."

"Pansi pa malata panopa sipangachepere 30." Anaika manambala awiriwo. Pakagalasi panatuluka 65,534, ndipo kanyali koimira mbaula kanayaka phee, kofiira.

"Mphindi zimenezo," anatero Nanga. "Kabokosi kakuganiza kuti anapiye akuzizidwa kuposa chilichonse padziko. Kayatsa mbaula, ndipo sikayezanso mpaka patatha mwezi ndi theka."

Zatheka anaimbira achemwali, foni inali yozima. Anakumbukira kuti tsikulo achemwaliwo anapita kuchipatala cha maso kutsidya lina la tauni. Anaimbira alamu, iwo anayankha ali pamsewu wautali, injini ikubangula. Anati khola ndi lokhoma ndi loko, kiyi ali m'chikwama cha akazi awo. Anaimbira mmodzi wa amayi oyandikana nawo, foni inangoitana.

"Ndikupita," anatero Zatheka.

"Tikupita," anatero Nanga, atanyamula kale hamala ndi laputopu.

Anabwereka njinga yamoto ya mwini sitolo. Zatheka anadutsa pakati pa maminibasi, anakwera m'mbali mwa msewu, anatukwanidwa ndi wogulitsa nthochi, koma sanatembenuke. Nanga kumbuyo anagwira hamala ndi dzanja limodzi, linalo litagwira malaya ake. M'mutu mwa Zatheka munali chinthu chimodzi chokha, kanyali kofiira kaja.

Atafika, chimene chinamuopsa si phokoso ayi, koma kuchepa kwake. Khola limene linkamveka uli pageti linali zii. Anamenya loko katatu, kachinayi inagwa. Atatsegula chitseko, mpweya unawamenya kumaso ngati atsegula uvuni. Mbaula inali psuu. Anapiye anathawira kumakoma, kutali ndi moto, milomo ili yasa, mapiko atatambasula. Ena anali ataunjikana pangodya, apansi osagwedezekanso. Zomwera zonse zinali zouma.

Zatheka anazula waya pakhoma ndi mphamvu mpaka soketi inatsala ili lende. Anakankha mawindo onse. Nanga anathamangira kumpopi, n'kubwera ndi madzi, nadzaza zomwera. Ananyowetsa masaka n'kuwapachika m'mawindo, ena anawaponya padenga. Kenako anagwada pautuchi n'kuyamba kupatula muluwo ndi manja, mwanapiye mmodzimmodzi. Wopuma ankamuviika mlomo m'madzi n'kumuika pafupi ndi khomo. Wofooka kwambiri Zatheka ankamunyowetsa miyendo n'kumupemerera ndi katoni mpaka atadzutsa mutu. Amene anauma kale ankawaika mu ndowa, ndowa yomwe ija anavundikira tsiku lofufuta mlonda. Thukuta linkamulowa m'maso koma sanaime. Anatsimikiza mumtima kuti aliyense amene akadali ndi mpweya sadzafera m'manja mwake.

Dzuwa litapendeka, ambiri anali ataimirira n'kumamwa okha. Koma ndowa inali itadzaza mpaka pakamwa.

Achemwali anafika akuyenda pang'onopang'ono, dzanja litatchinga kumaso. Kuchipatala anawathira mankhwala otsegula maso, choncho ankangoona zinthu mwachimbuuzi. Anaima pakhomo la khola n'kupendeketsa mutu, kumvetsera.

"Achepa," anatero. "Mawu awo achepa. Ndani ali muno?"

"Ndine, achemwali. Ndili ndi a Nanga a kuntchito."

Phazi lawo linagunda ndowa. Anawerama, n'kupisamo dzanja. Anakhala choweramacho nthawi yaitali, zala zikuyenda pa nthenga zofewazo. Zatheka anawauza zonse, osabisa, osakometsera: za samu, za mlonda, za kabelu, ndi zimene anachita anthu atachoka.

"Ndiye kuti tsiku lija kankanena zoona," anatero achemwali. "Kanalira pamaso pathu tonse, ife n'kumakanyoza. Ndinadandaula ndine."

"Ayi, achemwali. Inu munafunsa funso. Amene ndinkadziwa yankho ndine, ndipo ndinafufuta ndi manja angawa."

Achemwali anadzuka, n'kupukuta dzanja pa chovala chawo. "Ndinakulera ine, sindingakutaye chifukwa cha nkhuku. Koma zandipweteka, mwana wa amayi, zandipweteka kwambiri. Chotsa kabokosi kako. Ndibwerera ku mbaula ya makala. Makala akatentha ndimawamva ndi khungu langa."

Zatheka anatsegula pakamwa, ndipo mawu ake aja a masiku onse anafika pamlomo. Anawameza.

"Sindikuuzani kuti zatheka," anatero. "Mundilole ndikonze pano, pamaso panu, a Nanga akuwerenga. Tikayesa n'kulephera, ndikachotsa ndekha, ndipo makala ndizikuyatsirani ine."

Achemwali anakoka mpando n'kukhala pakhomo.

Zatheka anakhala pansi pautuchi, laputopu ili pamaondo. Anabwezera mlonda uja mzere ndi mzere. Kenako anafufuza pulogalamu yonse kufunafuna paliponse pamene nambala ikuchotseredwa ku inzake, ndipo anapeza malo enanso awiri amene sanawaganizirepo. Onse anawadutsitsa mwa mlonda. Anasintha mawu a pakagalasi kuti azinena kuti KWATENTHA. Atamaliza anatembenuzira laputopu kwa Nanga, yekha, osauzidwa.

Nanga anawerenga. "Nanga kamutu koyezera kakathyoka, n'kumapereka nambala yopanda nzeru?"

Kale akanausa moyo. Tsopano anangoti, "Ndiye mbaula isayake kupitirira mphindi khumi popanda kuyezanso, zivute zitani." Analemba zimenezonso.

"Nanga muyezo ndi kutentha zikafanana?"

"Yankho ndi ziro. Mbaula siyaka, kabelu sikalira. Tiyese."

Analumikizanso waya pasoketi yolendewera ija n'kuyesa. Anaviika kamutu kaja m'madzi ozizira, mbaula inayaka mphindi zake n'kuzima. Anakaviika m'madzi ofunda, kabelu kanalira. Anazula kawaya, mbaula inakana kuyaka. Anabwerezabwereza mpaka Nanga anasowa funso, chinthu chimene Zatheka anali asanachionepo chiyambire kugwira naye ntchito.

M'mawa mwake alamu anafika ndi lole, atamva kale zonse pafoni. Analowa m'khola opanda nthabwala, chipewa chili m'manja. Anapeza Zatheka atangomaliza kukonza soketi ija, achemwali akuthira chakudya m'zodyera.

"Alamu," anatero Zatheka, akuwapatsa kamutu koyezera, "ndibwerekeni khwapa lija."

Alamu anamuyang'ana kuti aone ngati akuwanyogodola. Ataona kuti ayi, anakatenga n'kukapanira monga tsiku lija. Onse anadikira. Mbaula inazima, ndipo kabelu kanalira mokuwa, mawu omwe aja. Anapiye otsalawo anadzidzimuka n'kuthamangira pangodya. Palibe anaseka.

"Ndikhoza kutsitsa mawu ake, achemwali, kuti asamaope," anatero Zatheka.

Achemwali anaika chidebe pansi. Anayang'ana kumene ndowa ija inali dzulo lake, kenako anayang'ana kabokosi.

"Usatsitse," anatero. "Kweza. Kazimveka mpaka kumpopi, ngakhale kumsewu. Mantha sapha nkhuku, yapha ndi mbaula imene inkayaka chete."

Zatheka anakweza mawu a kabeluko mpaka pamapeto. Ndipo kuyambira pamenepo, Nanga akakokera mpando pafupi n'kuyamba kuti "Nanga," iye ankaika chitsulo pansi n'kumvetsera mpaka funso lithe. Anaphunzira pamtengo wa ndowa yodzaza zimene akuluakulu ananena kalekale, kuti wakutsina khutu ndi mnansi.